Kampopi Kachiwiri pa Lole ya a Qu

Ndalemba mawu ochepawa pokumbukira a Qu Fengnian, amene ndinayandikana nawo nyumba kwa zaka zambiri m'mudzi mwathu muno, m'chigawo chozizira kwambiri cha Heilongjiang. Anali munthu wofatsa, ndipo ankadyera kunyamula chimanga, soya ndi kabichi za anthu pa lole yawo yakale yobiriwira.

Injini ya loleyo inkaziziritsidwa ndi madzi wamba. Choncho kukolola kukatha, chipale chofewa chisanagwe, a Qu ankailowetsa m'shedi ndi kuikweza pa zipika kuti matayala apume. Ankatseka paipi ya utsi ndi sanza poopa makoswe, batire n'kulisunga m'chipinda chogona. Koma chachikulu chinali kukhetsa madzi onse, pakuti madzi akaundana m'kati amang'amba chitsulo. Timipopi tokhetsera tinali tiwiri: kena pansi pa rediyeta, kena kobisika m'mbali mwa injini.

Akazi awo, mayi Guizhi, loleyo ankaitcha mkazi mnzawo.

"Bambo a Xiulan, mwam'funditsa kale mkazi wamng'onoyo? Ine ndiye ndife ndi chisanu!"

"Iyeyu salongolola, mayi," ankayankha motero a Qu, akupukuta manja.

Chaka china, ntchitoyi isanachitike, a Qu anagonekedwa m'chipatala cha m'tauni kuti awachotse ng'ala m'maso. Ali komweko, wailesi inalengeza kuti chisanu choopsa chifika msanga. Ine ndinali ku ukwati wa mphwanga, ndipo amuna ena anali kalikiliki ndi zokolola zawo. Mayi Guizhi, amene anali asanagwirepo sipanala, anakwawira okha pansi pa lole, ngakhale kuti mawondo ankawavuta. Anatsegula kampopi ka rediyeta, madzi n'kuwakhavukira kumaso mpaka kuleka. Za kampopi kachiwiri sankadziwa.

A Qu atatuluka m'chipatala anandipempha kuti ndiwaperekeze kushedi, popeza diso limodzi linali lomatabe. Anapapasa m'mbali mwa injini, ndipo chala chawo chinaima pa mng'alu wautali pamene madzi oundana anatulukira ngati ndevu. Injini za mtundu umenewo zinali zitasiya kale kupezeka.

Kenaka tinamva mayi Guizhi akubwera, akuyankhula asanafike n'komwe.

"Mwaona ntchito ya manja anga, nkhalamba inu? Ndinagona m'matope ngati nkhumba chifukwa cha mkazi wanuyu. Yamikani, musaume pakamwa!"

A Qu anatseka boneti mofulumira.

"Mwagwira ntchito, mayi. Ngakhale ine sindikanafikapo."

"Mwamva, achimwene?" anatero mayiwo akundiyang'ana. "Mukhale mboni, pakuti mawu otere satuluka kawiri m'kamwa umu."

Pobwerera a Qu anandigwira mkono, nandipempha kuti zimene ndinaonazo zithere m'maso. Ndinavomera.

Nyengo yonse ya chisanu a Qu anapitiriza mwambo wawo. Ankasesa chipale padenga la shedi, kuyang'ana makoswe, ndi kutchaja batire ngati kuti loleyo idzadzukanso. Mayi Guizhi nawo ankafotokozera mlendo aliyense za ukatswiri wawo, ndipo nkhaniyo inkakula pa kufotokoza kulikonse.

Madzi atasungunuka m'mitsinje, alimi anayamba kufunsa za lole yonyamula feteleza. Pamenepo a Qu anaitana ogula zitsulo zakale, nauza akazi awo kuti maso awo sakuonanso bwino msewu, ngakhale kuti dokotala anali atawachiritsa ndithu.

"Ha! Ine kuvutika konse kuja, inu n'kugulitsa galimoto yamoyo?" anakalipa mayiwo. "Mukanandiuza, bwenzi nditaphunzira kuyendetsa ndekha!"

"Mukanatha anthu m'misewu, mayi," anatero a Qu.

Kuyambira pamenepo a Qu ankalima ndiwo zamasamba kuseri kwa nyumba mpaka pamene anatisiya. Mayi Guizhi anawatsatira chaka chathachi, akukhulupirirabe kuti anapulumutsa loleyo, ndipo n'chifukwa chake tsopano ndamasuka kulemba zimenezi.