Mphini za Mayi Augusta

Arminda anaoloka malire pa Muloza ali kumbuyo kwa amayi ake, mayi Augusta, nkhondo ikupululutsa midzi ya ku Milange. Anakulira pa Chonde, ndipo lero ali ndi kashopu pafupi ndi msika, momwe amakonza makadi aukwati ndi mapulogalamu amaliro pa kompyuta. Ndinamudziwa akadali kabuthu kamakani, ndipo makaniwo anakula nawo.

Chaka chatha mayi Augusta anatisiya. Chithunzi chawo chinalipo chimodzi chokha, cha pakhadi la othawa nkhondo, chochepa ngati bokosi la machesi. Arminda atachikulitsa kuti chidzaze tsamba la pulogalamu yamaliro, nkhope inangoti mbuu, osaonekanso.

Mlongo wake Dario, amene amagwira ntchito ku Blantyre, anachilowetsa mu foni kuti ichiyeretse. Panatuluka mayi wa masaya osalala, wopanda mphini zimene malemuwo anatemedwa ali namwali.

"Ikani ichi, achemwali," anatero Dario. "Anzanga a ku ofesi akubwera, musandichititse manyazi."

"Ameneyu ndi mayi wa foni yanuyo, achimwene," anayankha Arminda. "Akadzamwalira mudzalire nokha. Amayi anga anali ndi mphini zitatu tsaya lililonse."

Dario analalata mpaka ogulitsa nanazi anabwera kudzasuzumira pakhomo. Arminda sanacheuke n'komwe. Anabwezera chithunzi chakalecho pa kuchepa kwake, mphini n'kuonekanso ngati timizere, nachikhazika pakati pa tsamba loyera. Kenaka anasindikiza mapepala onse.

Pamaliro ife nkhalamba tinkachita kuyandikitsa pepala kumaso, koma amene tinkawaonawo anali mayi Augusta enieni.