Denga la vaneti ya a Lazarous

A Aloysius anaphunzira kuwotcherera zitsulo ku mishoni, kwa bulaza wina wosaseka amene ankayesa ntchito ya ophunzira ake ndi hamala. Atamaliza anatsegula kamalo kawo pansi pa mtengo wa mango m'mbali mwa msewu wa ku Palabana, magetsi akukoka ndi chingwe kuchokera ku golosale ya mnansi. Zaka khumi ndi zisanu anakhala akupanga ngolo za ng'ombe ndi mafelemu a mawindo, kulumikiza mapulawo ndi njinga za onyamula mkaka. Anthu ankati chimene agwira a Aloysius chagwira. Mawu amenewa ankawakomera kuposa ndiwo ya nkhuku.

Mu 1994 kunabwera a Lazarous, amene kale ankayendetsa alenje kuchigwa cha Zambezi. Anali atagula vaneti yawoyawo, galimoto ya bokosi kumbuyo, ndipo m'thumba anali ndi chithunzi chong'amba m'magazini.

"Ba Aloysius, onani ichi," anatero. "Nifuna munipangile denga ya nsimbi kumbuyo, miyendo inai, pamwamba pankale tenti. Bazungu bayopa kugona pansi, bakuti vimbwi." Ankanena denga lachitsulo, ndipo vimbwi ndiwo afisi.

A Aloysius anali asanaonepo nyumba yogona pamwamba pa galimoto, koma mmisiri wotchuka sanena kuti sindidziwa. Anadula mapaipi, nayamba monga mwa masiku onse. Iwo mfundo iliyonse ankayamba aigwiritsa ndi kadontho kamodzi ka moto, kuti muyeso ukalakwika athyole ndi dzanja. Kuwotcherera kwenikweni kunkabwera pambuyo. Lachinayi anaimika denga lija pa timadontho take, nakwezapo chibokosi cha tenti cholemera ngati matumba awiri a chimanga, nkuona kuti chakhala bwino. Akuti agwire makina, magetsi anazima.

Anazima masiku atatu. Munthu wozolowera kutamandidwa sakhala manja lende anthu akudutsa pamsewu, choncho a Aloysius anatenga penti yobiriwira nkupaka denga lonse. Penti inadzaza mipata ya m'mfundo, chinthu nkumaoneka ngati chochokera kufakitale.

Loweruka a Lazarous anafika ndi anzawo awiri. Anazungulira galimoto akuimba mluzu, wina nkunena kuti ngakhale ku Lusaka kulibe manja otere. Pamenepo mpamene a Aloysius akananena kuti ntchito sinathe. Anangomwetulira, a Lazarous nkutenga galimoto yawo. Mumtima anati, Lolemba ndidzawauza abwere nayo ndidzaionenso, galimoto yopanda katundu singavute masiku awiri.

Lamulungu kunamwalira amayi Nelesi, mkulu wa amayi a Anna Woyera, gulu limene akazi a a Aloysius, a Justina, ankaimbamo. Kuchokera kutchalitchi kukafika kumanda a kwawo kwa malemu unali mtunda wa makilomita asanu, ndipo galimoto m'dera lonselo inali imodzi, ya a Lazarous. Pa maliro galimoto sikanizidwa.

Lolemba Misa itatha, a Aloysius anatuluka nkupeza bokosi la maliro lalowetsedwa kale pansi pa denga lawo. Amayi asanu ndi atatu anakhala mozungulira bokosilo, mipango yawo kumutu, a Justina ali kukona yakumbuyo, mutu utatsamira pa mwendo wa paipi. A Aloysius anasendera pafupi. Asanameze malovu, amuna anayi okafotsera manda anakwera pamwamba ndi mafosholo awo nkukhala pa chibokosi cha tenti. Kuno denga la galimoto ndi mpando, amene anajambula chithunzi chija sankadziwa zimenezo.

"Sizavuta?" wina anafunsa ali pamwamba.

"Iwe, ni ba Aloysius banapanga!" anayankha a Lazarous, nalowa kutsogolo.

A Aloysius anayang'ana uku ndi uku. Anthu mazana awiri anali pomwepo, abambo mfumu ali pakhomo la tchalitchi. Ndiponso munthu unganene bwanji kuti denga ligwa, mtembo uli mkati? Ena akanati ukuitana maliro achiwiri. Galimoto itayamba kuyenda anaithamangira nkudumphira pa bampala yakumbuyo, dzanja litagwira paipi pamwamba penipeni pa mutu wa akazi awo.

Mantha ngati amenewo anali asanawamvepo. Amayi ankaimba, koma iwo ankangomva chitsulo. Galimoto ikagunda mwala, paipi inkanjenjemera m'dzanja mwawo ngati dzino logwedera. Atadutsa munda woyamba anaona penti yang'ambika pamfundo, kamzere kopyapyala ngati tsitsi. Atadutsa wachiwiri kamzere kaja kanali kokwana chikhadabo. Anakankhira phewa pansi pa paipi kuti asenze, thukuta likulowa m'maso. Anayamba pemphero la Tikuoneni Maria koma sanaimalize. A Justina anakweza maso nkuwamwetulira pang'ono, poganiza kuti amuna awo akulira maliro.

Kutsogolo kunali kamtsinje kouma, pamene msewu umatsetsereka nkukweranso mopendeka. Ngolo zawo zomwe, zowotchereredwa bwino, zinkalira pamenepo. A Aloysius anawerenga mitengo itatu imene inatsala kuti afike pakamtsinjepo. Pa mtengo wachiwiri china chake chinati the! paphewa pawo.

"Imilila! Lazarous, imilila!" anakuwa, akumenya mbali ya galimoto ndi chibakera.

Nyimbo inaduka. Galimoto inaima, gulu loyenda pansi nkuunjikana.

"Ni shani, ba Aloysius? Mwafuntha?" anafunsa a Lazarous.

"Sininasilize," anatero a Aloysius. "Ninapenta chabe. Malaiti yanayenda. Imwe pamwamba osagwedezeka! Bazimai bachoke poyamba, mmodzi mmodzi."

Amayi anayamba kutuluka chokwawa, a Aloysius akadali chisenzere. A Justina anali chifupi ndi khomo koma anayamba atulutsa achikulire onse, iwo nkutsika pomaliza. Mmodzi mwa amuna a pamwamba mantha anamugwira, nadumpha. Denga linapendeka, miyendo iwiri inathyoka pamodzi, ndipo chibokosi cha tenti chinatsetsereka nkugwera pakona paja panali a Justina. Chinaphwanya m'mphepete mwa bokosi la maliro, nsalu yoyera nkuonekera. Amuna atatu anagwera m'fumbi ndi mafosholo awo, wina nkuguluka dzino.

Ana a malemu anayamba kulira mwatsopano. Amuna anasolola bokosi nkulisenza pamapewa, ulendo nkupitirira wapansi. Palibe anatukwana a Aloysius, ndipo zimenezo zinawawawa koposa. Anthu ankangowalambalala ngati chitsa.

A Justina anatsalira. Anayang'ana pakona paja, pomwe chitsulo cha galimoto chinali chitabonyoka, kenako anayang'ana amuna awo.

"Atate ake Doris, munaziba liti?" anafunsa motsitsa.

"Pa Chinai."

"Na pamene nenze kukwela paja pa chechi, munaziba?"

A Aloysius anagwedeza mutu kuvomera.

"Munaniona nakwela," anatero a Justina. Anamanganso mpango wawo bwinobwino, natsatira amayi anzawo kumanda osacheuka.