Chulu cha Agogo ku Nyalugwe

Ndikakumbukila agogo aamuna, atate awo a amai, ndimamva fungo la lupsa limene linkakakamila m'chijasi chawo akamabwela kuthengo, miyendo ili bii ndi phulusa. Tinasamukila ku Nyalugwe kuchokela ku Katete m'masiku a Chitaganya, atate ali pa nchito ku Walale.

Chaka choyamba agogo anatilakwitsa. Mvula itangogwa kamodzi, anatilamula kubyala nshawa zonse zimene tinasenza kuchoka kwathu, poti ku Katete ankatelo. Dzuwa linabwelela, mbeu zinapsela m'nthaka, ndipo tinapulumukila gaga wopempha. Amai anatha mwezi osaseka nawo.

"Dziko lino sindilidziwa, mwana wanga," anatelo agogo. "Ndinayankha lisanandifunse."

Chilimwe chitafika ananditenga kukafuna malo oti aziwayang'ana chaka chonse. Ine ndinaloza kumtsinje, kumene kunali mthunzi ndi mabango. Anakana. "Kobiliwila masiku onse sikungakuuze kanthu." Kuphili miyendo yawo sikadafika. Tsiku lachitatu anaima pa chulu cha kuseli kwa mudzi, pamene panali mfula, mthethe ndi kadambo m'munsi mwake. Loweluka lililonse ankapita nane kumeneko, kukanda makungwa ndi chikhadabo, kununkhiza dothi, n'kubwela ndi tsamba lokasomeka kudenga.

Anthu anayamba kunong'ona kuti mlendoyu akukumba mankhwala oipa, ndipo ana anzanga analeka kudya nane. Tsiku lina amai Lungu, mkazi wamasiye woyandikana nafe, anatilondola, khasu lili paphewa.

"Bambo, mufunanji pano masiku onse?"

Agogo anavula chipewa. "Amai, ndinapha mbeu za ana anga. Ndifuna mitengoyi indiuze nthawi yobyala."

Amai Lungu anaseka mpaka kutsamila khasu. "Ndiye osafunsa ife bwanji?"

"Manyazi, amai."

Amai Lungu anawagwila dzanja agogo n'kuwaonetsa timaluwa tofiila totuluka m'phulusa popanda tsamba. "Utu n'tonama, timathamangila mvula yoyamba. Mfula ukaphuka, nolani khasu chabe. Koma udzu wa m'kadamboka ukafika m'kakolo, byalani."

Mvula inagwa, anthu ena anabyala, amai anga anayamba kung'ung'udza, koma agogo anakhala pa dengu la mbeu imene tinapatsidwa titalimila anthu. Masabata awili atapita anabwela akuthamanga, mpweya uli wefuwefu. "Wafika m'kakolo! Tengani makasu!"

Nshawa sizinadzaze nkhokwe, koma zinatifikitsa ku zina. Zoyamba kukumba amai anga anaziphika, anagwada n'kupeleka kwa agogo. Iwo anagawa pakati, nati zinazo ndikapeleke kwa amai Lungu.

Agogo anaikidwa ku Nyalugwe komweko. Ine ndakhala m'madela ambili kuchokela pamenepo, ndipo lelo imvi zili mbuu. Kulikonse kumene ndafika, ndisanabyale kanthu ndimayamba ndagogoda pakhomo la woyandikana nane, n'kunena kuti, "Amai, ndine mlendo. Kuno mumabyala liti?"