Mawu a Mayi Sopo Amene Anadulidwa pa Kanema

Dzina lakuti Mayi Sopo anawapatsa ndi makondakitala a minibasi, ndipo poyamba linali lonyoza. Tiyirumu yawo inali ya chipinda chimodzi: mabenchi, tebulo lalitali loyalidwa pulasitiki, ndi wailesi ya kanema yaing'ono yopachika pakona. Koma kuti ulowemo unkayenera kudzera pa chidebe champopi chimene chinali pakhomo, sopo atamangidwa ndi chingwe. Kaya wavala taye, kaya dalaivala wako akuliza hutala panja, mayiwo ankaima manja ali m'chiuno mpaka usambe. Ena ankatukwana n'kubwerera. Iwo sankawanyengerera.

Khalidweli sanabadwe nalo. Amuna awo, amene ankawotcherera zitsulo, anamwalira ndi kolera. Anayamba kutsegula m'mimba m'mawa, koma anakaniza zopita kuchipatala, akuti bambo wamkulu sangathamange chifukwa cha m'mimba, anthu angamuseke. Pamene galimoto inkapezeka, maso anali atalowa kale m'kati.

Ndiye tsiku limene anyamata a kanema anabwera ndi makamera awo, akuti akufuna chitsanzo cha malo aukhondo, mayiwo anawalandira ndi manja awiri. Anavala epuloni yoyera, anaima pambali pa chidebe chija, chikwangwani cha tiyirumu chikuoneka bwinobwino kumbuyo, n'kufotokoza zonse za amuna awo mpaka kukhosi kuuma. Anyamatawo anasamba m'manja, anamwa tiyi, n'kumapita.

Zimene zinatuluka pa kanema zinali zina. Wowerenga nkhani ankatchula chiwerengero cha anthu omwalira ndi kolera, ndipo pagalasi pankaoneka Mayi Sopo, milomo ikuyenda, mawu palibe. Mawa lake chimodzimodzi. Mvula itatha anawaiwala, koma itangoyambanso, matenda n'kubuka kutali kumene mayiwo sanapondeko phazi, nkhope ija inabwerera, epuloni yomweyo, chikwangwani chomwecho. Anthu sanafunse zambiri. Tiyirumu inasanduka "pa Kolera", ndipo mabanzi ankagona mpaka kuchita nkhungu. Anatsala ndi kalipentala wa pafupi, amene ankadzitama kuti iyeyo matenda amamuopa, ndi makondakitala ochepa obwera kudzaonera mpira.

Mwana wamkazi wa Mayi Sopo, wogwira ntchito m'saluni, anatopa nazo.

"Amayi, tifufute chikwangwanicho, kapena tingosamuka. Kuntchito akumandifunsa ngati kwathu kuli bwino."

"Ndisamuke ndaba cha yani?"

"Nanga kuuma mutuko mudya?"

"Iwe ungondiuza minibasi yopita kwa akanemawo."

Anapita okha. Mlonda wa pageti anawazindikira asanatsegule n'komwe pakamwa, ndipo anabwerera m'mbuyo pang'ono. Zimenezo zinawapweteka kuposa mabanzi onse amene anataya. Anakhala pabenchi mpaka mkonzi wa nkhani anatopa ndi kuuzidwa kuti mayi aja akadalipo. Anali bambo waulemu, wa maso otopa, ndipo sanawanamize.

"Mayi, sitikudana nanu ayi. Nkhani ya kolera ikabwera, timafuna zithunzi zoti ziziyenda wowerenga akamalankhula. Galimoto tili nayo imodzi, ndiye timangotenga zimene zili kale m'kompyuta. Zanuzo zinajambulika bwino, kuwala kwake kunali kwabwino."

"Ndiye ine ndikufera kuwala?"

"Chabwino, tikhoza kuphimba nkhope yanu kuti isamadziwike."

"Mundiphimbe ngati ndagwidwa ndikuba? Nkhopeyo isiyeni. Mundibwezere mawu anga. Ndinakuuzani zinthu zoti zipulumutse anthu, inu n'kuzidula."

"Nthawi ya nkhani ndi yochepa, mayi. Munalankhula motalika."

"Amuna anga anadwala m'mawa, madzulo tinali tikulira. Pamenepo patalika pati?"

Mkonziyo anayang'ana pansi n'kulonjeza kuti aona. Aliyense amene anakhalapo pabenchi la ofesi akudziwa kumene mawu amenewo amathera. Sabata yomweyo nkhope ija inatulukanso, yosalankhula ngati kale.

Inawapeza Mayi Sopo akupukuta makapu, nkhani za masana zili m'kati, kalipentala ndi makondakitala aja ali pabenchi. Mkwiyo unawakwera mpaka m'makutu. Anatenga rimoti, anatsitsa mawu mpaka zii, anaima pansi pa kanemayo n'kuyamba kulankhula okha, milomo ya pagalasi ikuyenda pamwamba pa mutu wawo.

"Apa ndimanena kuti munthu akayamba kutsegula m'mimba ngati madzi, musadikire kuti muone mawa. Madzi a mchere ndi shuga a m'kapaketi aja muzimumwetsa muli panjira ya kuchipatala. Apa ndimanena kuti amuna anga anachita manyazi, ife tinawamvera, ndipo manyaziwo tinakawakwirira nawo limodzi."

Makondakitala anafa nacho chiseko, wina n'kunena kuti mayi atsegula siteshoni yawoyawo. Iwo sanaseke. Kuyambira tsiku limenelo, nkhope ikangotuluka, ankasiya ketulo, kasitomala adikire, n'kubwezera mawu aja pamalo pake. Mbiri inamveka pasiteji ponse, ndipo ena anayamba kubwera kudzaonera misalayo. Pakhomo ankasamba m'manja ndithu. Mwana wawo anawachonderera kuti asiye, koma kunali kutaya malovu chabe.

Tisaname, mabenchi sanadzadze ngati kale. Dzina la "pa Kolera" linakakamira, ndipo akanema sanabweze ngakhale liwu limodzi.

Masana ena mvula ikuwaza, kalipentala uja analowa opanda nthabwala zake, anakhala pakona tiyi osamukhudza. Nkhani zinayamba, nkhope inatuluka, Mayi Sopo anatenga rimoti monga mwa masiku onse. Atafika pa mawu akuti musadikire mawa, kalipentalayo anaimirira.

"Mayi, mwati ngati madzi?"

"Ngati madzi otsukira mpunga."

"Akazi anga ayamba m'mawa. Anandiuza kuti ndisauze anthu."

Mayi Sopo sanamalize zolankhula zawo. Anaponya rimoti patebulo, anatapa timapaketi ta mchere ndi shuga tija m'kabati, anagwira kondakitala mmodzi pamkono.

"Kauze dalaivala wako alize injini."

"Mayi, minibasi sinadzadze."

"Yadzadza."

Anatuluka onse ali liwiro, epuloni ikadali m'chiuno, chitseko chili pululu, ketulo ikubwata yokha. Pakona paja, m'chipinda mopanda munthu, milomo ya Mayi Sopo inali ikuyendabe.