Timitanda pa khoma la achimwene

Ndinadzuka kusanache, atambala a m'komboni ya Kabwata asanalire. Kugona kwake kunali kongotsamira khoma, pakuti amuna anachezera panja kuwerenga Kurani, azimayi ali m'nyumba ndi alamu anga. Achimwene anga, Che Amidu, anali atatisiya dzulo lake madzulo, chifuwa chitawazunza kwa milungu ingapo. Kwa ife Asilamu maliro sachedwa, choncho tinayenera kuwaika dzuwa likapendeka. Koma chinandidzutsa si chisoni ayi. Anali mantha, ndipo ndinkaopa khoma la kuchipinda kumene kunagona thupi.

Achimwene anali kalaliki ku ofesi yoyeza malo m'tauni. M'zaka za Chitaganya zija wakuda ankawerengetsa, mzungu n'kusaina. Iwo masamu anawalowa m'magazi mpaka anayamba kuphunzira kudzera pa positi. Mapepala akawathera ankalemba ndi choko pakhoma. Ankandandalika manambala m'mizere, wina pansi pa unzake, n'kuwatchinga ndi ndodo ziwiri uku ndi uku ngati khola. M'makola ena mzere wapansi unali wa timitanda.

Ine ndine telala wa ku Kamwala, masamu anga amathera pa tepi. Komabe tsiku lina anandikhazika pansi. Anati khola lililonse, ukachulukitsa ndi kuchotsera mwa dongosolo lake, limabala nambala imodzi, ndipo la timitanda limabala chiganizo cha masamu. Ziganizozo zimadutsana ngati ulusi woimirira ndi wopingasa pansalu, china sichikoka chinzake. Chimene ankasaka ndi lamulo lomangiriza khola lalikulu ku ang'onoang'ono a m'kati mwake. Kamtanda, anatero, ndi nambala imene sinadziwikebe. Ndinawauza kuti akadzalipeza lamulolo adzandiuze ngati limagula nyama. Anaseka mpaka kutsokomola.

Anthu a mu Kabwata sanakhazikidwe pansi n'kufotokozeredwa ngati ine. Mayi wina woyandikana nawo, wa ku Luapula, amene mwana wake anamwalira nthawi yozizira, anali atasuzumirapo pawindo. M'mawa umenewo ndikutunga madzi pampopi anandipeza.

“Ba telala,” ananong'ona, “vija vili pa chipupa ni vichani? Bantu bakamba ati kamtanda kalikonse ni muntu.”

Ndinadziwa kuti Shehe wa ku mzikiti wathu akaona khomalo n'kunena kuti ndi zokhwimira, palibe akananyamula jeneza, chonyamulira maliro athu. Achimwene akanaikidwa popanda swala, pemphero lathu la pa maliro, alamu ndi ana awo n'kutsala ndi dzina la ufiti. Ndinalowa kuchipinda, ndinatenga nsalu yoyera imene ndinabwera nayo kuchokera ku shopu, n'kuikhomera pakhomapo ndi timisomali. Mantha alibe nzeru. Nsaluyo inali ya sanda, yokulungira achimwene omwewo.

Kutacha azimayi anasonkha moto kuseri kwa nyumba, anatereka tiyi ndi mpunga. Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa linatuluka lolusa kale. Anthu anayamba kufika: anzathu ochokera ku Nyasalande, osoka ndi okhoma zidebe, makalaliki a mataye atapempha theka la tsiku, ophika m'nyumba za azungu ku Woodlands ndi ku Kabulonga atatsamiritsa njinga pampanda. Galimoto ya apolisi inaima pakona, monga inkachitira paliponse anthu akuda akachuluka. Masiku ena ikanandisautsa, koma tsiku limenelo maso anga anali pa magulu a anthu amene ankati akandiona ndikuyandikira n'kusiya kulankhula.

Shehe anafika dzuwa litakwera. Anali nkhalamba yowonda, yophunzira kugombe la Azanzibari, ndipo aliyense ankadziwa kuti amalembera ana odwala zithumwa za manambala a m'timabokosi. Ngati panali munthu wotha kuwerenga khoma lija, anali iyeyo. Tinalowa naye pamodzi ndi osambitsa awiri. Tinasambitsa thupi mwakachetechete, thukuta likundiyenderera kumsana. Titamaliza, wosambitsa wamkulu anatambasula dzanja kufuna sanda.

Ndinayang'ana m'dengu ngati ndingapezemo ina. Ndinayang'ana pansi pa bedi. Kenaka ndinaona kuti onse atatu akuyang'ana nsalu ya pakhoma. Ndinazula timisomali tija, nsalu inagwera m'manja mwanga, khoma linatsala poyera.

Wosambitsa wamng'ono anabwerera chafutambuyo mpaka kugunda chitseko. Panja ndinamva phokoso likuzilala, chifukwa wina pawindo anali ataona. Shehe anavala magalasi, anayandikira, anakhala nthawi yaitali akungoyang'ana. Kenaka anaika chala pa khola limodzi n'kuyamba kuphatikiza. Mzere woyamba unali wa imodzi, ziro, imodzi, ndipo anapeza ziwiri. Wachiwiri unawapatsa imodzi, wachitatu zinayi. Anayesa khola lina, anapukusa mutu. Ine sindinadziwe ngati kupukusako kunali kwa moyo kapena kwa imfa.

“Mwananga,” anatero, “chithumwa mizere yake yonse imapereka nambala yofanana. Ichi sichingaphe ngakhale nsabwe. Nanga timitandati?”

Ndinayankha zimene ndinauzidwa zija, kuti ndi nambala imene sinadziwikebe.

“Chosadziwika ndi cha Mulungu,” anatero. “Kung'unthani fumbi sandayo.”

Tinawakulunga, tinawaika m'jeneza, tinatuluka nawo. Ndinkayembekeza kuti Shehe auza anthu zimene waona, koma sananene kanthu. Jeneza linakhala pabwalo, amuna ataimirira patali, aliyense akuyang'ana zala za kumapazi kwake. Mitambo inali itayamba kusonkhana kum'mawa, mpweya uli wotentha, ndipo m'nyumba alamu anali atasiya kulira kuti amve. Ndinagwira mtengo wa kumbuyo wa jeneza ndekha. Ndinaganiza kuti basi, zatha.

Pamenepo nkhalamba ija inapatsira munthu ndodo yake, inawerama, inagwira mtengo wa kutsogolo ndi timanja take towonda. Jeneza linapendekeka. Kaya ndi manyazi kaya ndi chikhulupiriro, amuna anathamangira, ndipo posakhalitsa ankalimbirana pogwira. Tinaswalira achimwene mizere ili yodzaza, ophika ndi makalaliki phewa ndi phewa. Tinayenda nawo kumanda tikusinthana mapewa, galimoto ya apolisi ikutilondola chapatali mpaka inatopa. Ndinatsikira m'manda ine ndemwe, ndinawagoneka cham'mbali. Madontho oyamba a mvula anatipeza tikubwerera.

Madzulo anthu anabalalika, moto unazima, panyumba panangoti zii. Alamu anandipatsa chitini cha madzi ndi kasanza.

“Alamu, kafufuteni khoma lija. Ana akuopa kugona.”

Ndinayamba pamwamba. Choko chinkachoka mosavuta mpaka ndinapsa mtima, kuti chinthu chimene chikanamanitsa achimwene manda chikutha ndi madzi a m'chitini. Nditafika m'munsi, pafupi ndi mutu wa bedi, ndinapeza khola lomaliza. Linali lokhotakhota, chifukwa analilemba ali chigonere. Kutsogolo kwake kunali timizere tiwiri tosonyeza kuti yankho likubwera, ndipo kupitirira apo panalibe kanthu.

Ndinagwada pamenepo mpaka kasanza kanauma m'manja. Alamu anafunsa ali kuseri kwa chitseko ngati ndamaliza. Ndinati patsala pang'ono, n'kukankhira bedi kukhoma kuti ana asapaone.