Diresi la Filomena ndalipeza likuyenda ku Liwonde

Lachiwiri lapitali ndinatsatira munthu pamsika wa ku Liwonde ngati wapolisi. Ine nkhalamba ya zidzukulu, mawondo akulira, dengu lili m'manja, ndikuzemba pakati pa mabenchi a nsomba kuti mayi wina asanditayike.

Mlandu wake? Anavala diresi la mng'ono wanga Filomena, amene tinamuika m'manda miyezi iwiri yapitayo.

Amene mumawerenga danga lino mukundidziwa. Sindikhulupirira munthu. Wakabaza akati tafika, ndimayamba ndaunguza ndisanatsike. Wogulitsa tomato akamwetulira kwambiri, ndimayang'ana pansi pa mulu, pamene amabisa wovunda. Musandiseke, ndakula nazo ndipo zandisunga.

Filomena anadwala matenda a shuga zaka zambiri, moti zidzukulu zanga zina zinabadwa mpaka kuyamba sukulu zisanamuonepo akuyenda wopanda ndodo. Poyamba linali ludzu ndi kutopa. Kenako maso anachita chifunga, miyendo inayamba kutupa, pomaliza impso zinakana ntchito. Mwamuna wake anali atatsogola kale, ana ali kutauni, ndiye ndinamutenga kudzakhala naye kwathu kufupi ndi Balaka. Ndinkamuphikira ndekha, kumusambitsa ndekha. Alendo obwera ndi mabotolo a zitsamba ndinkawabwezera pakhomo pomwepo, botolo ndi mwini wake yemwe.

Asanadwale ankakwera sitima kupita ku Nayuchi kukaoda zitenje. Anali wojintcha, wa mawu akulu, woti akaseka agalu a khomo lachitatu ankauwa. Amatero anthu.

Ndikuti amatero anthu chifukwa ine Filomena ameneyo ananditayika. Chimwalirireni, ndikatseka maso ndimangoona nkhope yowonda ili pa pilo, milomo youma, dzanja likufunafuna kapu. Ndayesetsa kukumbukira kuseka kwake, koma sikubwera. Ndipo ndikuuzeni chinthu china: pamaliro ake sindinalire. Ndinali kuyang'anira nkhuni, ufa ndi mipando yobwereka. Misozi ndinati ibwera anthu akabalalika. Anthu anabalalika, misozi osabwera.

Tsono mwambo mukuudziwa. Maliro akatha, pakapita masabata angapo, abale amasonkhana kudzagawana zovala za malemu. Sutikesi ya Filomena inali yokiya kuyambira tsiku limene anasamukira kwathu, ndipo kiyi wake ndinamumangirira pa kolona yanga ya m'khosi. Tsiku logawa ndinatsegula anthu onse akuona. Zitenje zinalimo, mabulauzi analimo, nsapato za kutchalitchi zinalimo. Diresi lobiriwira la timbalame tachikasu, limene anasoketsa ndi nsalu ya ku Nayuchi, munalibe.

Ndinapitiriza kugawa zovala. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Koma mumtima ndinawatchula onse mmodzimmodzi: mkazi wa mwana wanga, abale a mwamuna wa Filomena, ngakhale amayi a kwaya amene anagona pamaliro. Lamulungu lililonse, anzanga akuyang'ana kuguwa, ine ndinkayang'ana zimene avala amayi opita kukalandira Ukalistia.

Ndiye Lachiwiri, ndikusankha matemba, timbalame tachikasu tija tinadutsa pamaso panga. Ndinatsatira. Nsalu zimafanana, inde, koma m'munsi chakumbuyo munali chigamba chosokedwa ndi ulusi wakuda, pamene khala la simbi linabowola. Chigamba chimenecho ndinasoka ndine, ulusi wobiriwira utasowa.

"Mayi, taimani," ndinatero.

Anatembenuka. Anali mayi wachisilamu, mpango wafika m'mapewa, wamsinkhu wa Filomena yemweyo. Ndisanayambe n'komwe mlandu wanga, anawomba m'manja.

"Ii! Si alonda awa?"

"Alonda a ndani?"

"A Filomena! Amakutchulani choncho. Ine ndine Abiti Yusufu, mnzawo wa pabenchi kuchipatala, tsiku la anthu a shuga. Inu simungandidziwe, anganga. Mukangowakhazika mumathamangira pamzere wa mankhwala, maso ali pa anthu olowerera."

Sindinamwetulire. "Diresili munalitenga kuti?"

"Anandipatsa eni ake. Mwana wanga wamkazi ankakwatiwa, ndiye ndinadandaula pabenchi pompo kuti ndilibe chovala cholongosoka. Mwezi wotsatira anabwera nalo atalikulunga m'chitenje. Akuti, 'Tengani msanga alonda asanabwere. Diresili limadziwa kuvina, koma lakhala m'sutikesi ngati mkaidi. Kalivinitseni.'"

"Bodza," ndinatero. "Kiyi amakhala m'khosi mwanga."

Anaseka mpaka kugwira benchi la wogulitsa mlamba. "Akuti mukamasamba kolona mumaikoleka pamsomali kuseri kwa chitseko."

Ndinasowa poponda. Munthu wosaona bwino, wa miyendo yotupa, anadzuka pamphasa, kufufuza msomali, kutsegula sutikesi, kuba diresi lake lomwe, n'kubwezera kiyi ine ndisanatsukuluze sopo. Ndipo madzulo ake anadya nane phala, nkhope ili phee ngati mngelo wa pakhoma la tchalitchi.

"Nanga china chimene munkachita ine kulibe n'chiyani?" ndinafunsa, chifukwa wakuba sakuba kamodzi.

Abiti Yusufu anayang'ana kumbali. "Chitumbuwa chimodzi basi, anganga. Kugawana pakati. Kamodzi pamwezi."

"Chitumbuwa! Munthu wa shuga! Ine ndikuvutika ndi masamba owiritsa!"

"Nanenso ndine wa shuga, tinkachimwa awiri. Akuti, 'Mankhwala ndi a thupi, chitumbuwa ndi cha Filomena.' Ndipo nthano zawo za m'sitima! Za mbuzi imene inadya tikiti ya mwini wake, benchi lonse kugwa ndi phwete mpaka anamwino kutikalipira." Anapukuta m'maso ndi nsonga ya mpango. "Koma ali bwanji anzangawo? Maulendo awiri sindinawaone. Ndimati kapena mwasintha chipatala."

Abale, mayiyu sankadziwa.

Uthenga wa maliro tinatumiza kwa achibale, kumpingo, kwa ana kutauni. Ndani akanaganiza zotumiza uthenga kubenchi?

"Anatisiya," ndinatero. "Tinaika kale."

Anandiyang'ana ngati ndalankhula chilankhulo chachilendo. Kenako anatula jumbo lake pansi, nakhala pafumbi pompo, pakati pa msika, atavala diresi lomwelo, n'kuyamba kulira mokweza. "Mnzanga ine! Mnzanga wa pabenchi! Ndikhala ndi yani?" Ankasakaniza ndi Chiyao, kuitana Mulungu m'mapemphero a kwawo. Ogulitsa nsomba anasiya kuitanira malonda.

Ndinayembekezera mawu aja amene ndawamva kuchokera kwa aliyense chimwalirireni Filomena. Sanawanene.

Mawu ake mukuwadziwa, mwina munawanenapo. "Wapumula." "Anavutika mokwanira." Ena mpaka kundigwira dzanja: "Nanunso mupumeko tsopano, agogo."

Sindikuti amanena mwankhanza. Koma tamverani mmene amamvekera kwa wotsala. Munthu akagundidwa ndi galimoto pamsewu wa ku Zomba, mudzi wonse umagwedezeka, anthu amalira mpaka mawu kusasa. Koma akadwala zaka, timafika pamaliro ngati tabwera kudzatsekera msonkhano umene unatalika. Timati tinkayembekezera. Kodi kuyembekezera mvula kumaletsa kuvumbwa?

Ndipo m'bale wa malemu timamuika pati? Ana timawapepesa, ndi amasiye. Mwamuna kapena mkazi timamukhazika pamphasa, timamuzungulira. Koma mkulu wake timamufunsa kumene kuli mchere ndi amene wasunga makiyi. Chonsecho ndi iyeyo amene anamudziwa malemuyo asanakhale mayi wa munthu kapena mkazi wa munthu. Ine Filomena ndinamubereka kumsana ndili kamtsikana. Ndi iye yekha amene ankakumbukira mawu a mayi athu akamatiitana kuchokera kudimba. Pano ndikati, "Ukukumbukira?" palibe woyankha. Akuluakulu anati chibale ndi fupa, sichiola. Sanatiuze kuti fupalo likathyoka limawawa ngakhale unaliona likuchita mng'alu kwa zaka.

Matenda aatali ndi mbala yoipa kuposa zonse zimene ndazilondera moyo wanga. Samangotenga munthu pomaliza. Amayamba kuba kale, pang'onopang'ono, mpaka iwe womusamalira umangotsala ndi wodwala: wadya chiyani, wamwa mankhwala, bala likuuma? Ndinkadziwa chilichonse cha miyendo ya Filomena. Sindinkadziwa kuti akadali ndi nthano za mbuzi.

Ndiye pamene mayi wachilendo uja ankalira pafumbi, osalira wodwala amene wapumula koma mnzake woseketsa amene wamusiya yekha pabenchi, china chake chinamasuka pachifuwa panga. Ndinaika dengu pansi, osayang'ana n'komwe ngati wina alitola. Ndinakhala pambali pake. Misozi ya miyezi iwiri inabwera yonse pamodzi, pamaso pa ogulitsa nsomba ndi akabaza. Mayi wina wogulitsa usipa anatibweretsera madzi m'kapu, ndipo ndinamwa osafunsa kumene watunga. Amene mukundidziwa mwamva kukula kwa nkhaniyi.

Titatonthola, Abiti Yusufu anagwira nsalu ya diresi lija pabondo. "Anganga, ili ndi la pamaliro tsopano. Ndikalichape, ndidzabweretse kwanu, abale agawane mwa mwambo."

Kunena zoona, ndinalifuna. Ndalisaka masabata onsewa. Ndinaona kale malo ake m'sutikesi, pansi penipeni, kiyi ali m'khosi.

"Kuukwati kuja linavina?" ndinafunsa.

"Mpaka fumbi, anganga. Anthu ankafunsa telala wake."

"Ndiye iyayi. Mwini wake anagawa kale. Musalibweretse kundende."

Tinatsanzikana. Anandilongosolera kwawo, kutsidya kwa mlatho, nati ndikapite tsiku lina akandimalizire nthano ya mbuzi. Ndinati ndiona. Sindilonjeza msanga kwa anthu amene ndawadziwa tsiku limodzi, ngakhale amene ndalira nawo.

Koma ndinaima n'kumamuyang'ana akupita. Jumbo pamutu, timbalame tachikasu tikugwedezeka uku ndi uku, chigamba changa chakuda chikumenya kumbuyo kwa miyendo. Ndipo mwadzidzidzi sindinkaonanso msika. Ndinaona pasiteshoni ya Balaka, sitima itangoima, mayi wojintcha akutsika ndi mtolo wa zitenje pamutu, thukuta lili kamukamu, akukuwa anthu onse akumva: "Achemwali! Mwangoima ngati mtengo wa magetsi, simundilandira?" Ndipo kuseka kuja kunabwera, konse, ndi mpata wa mano ake womwe.

Ndinafika kunyumba opanda matemba. Mkazi wa mwana wanga anadabwa kuti ndamupatsa moni wautali, koma sindinamuuze chifukwa chake. Zina ndi za ine ndi Mulungu.

Tsono inu, mukadzapita pamaliro a munthu amene wagona pamphasa zaka, mudzamufunefune m'bale wake. Mudzamupeza kuseri, akuwerengera anthu mbale. Musadzamuuze kuti malemuyo wapumula. Mudzamukhazike pansi, ndipo ngati muli ndi kankhani ka malemuyo ali moyo weniweni, ngakhale ka chitumbuwa chakuba, mudzamupatse. Mwina ndi chovala chokhacho chimene akuchisowa m'sutikesi.

Ine changa ndachipeza chikuyenda ku Liwonde, ndipo ndachisiya chipite.