Chigayo Chodikira Magetsi

Tsiku limene lole inatsitsa mapolo a magetsi m'mudzi wa kwa mkazi wanga ku Machinga, ndi lomwe ndinaganiza zopita ku Joni. Ndinkafuna kuti magetsi akamafika, woyamba kukhala ndi chigayo ndikhale ine. Mkazi wangayo, Asiyatu, anangofunsa kuti, "Mubwerako liti?" Ndinati zaka ziwiri sizikwana.

Ntchito ndinaipeza ku Sandton, yotchetcha kapinga woti ngakhale mbuzi sizimudya. Ndinkagona ku Yeoville m'kachipinda kothithikana, koma kusungulumwa kunali ngati ndili ndekha m'tchire.

Ndalama zitayamba kuoneka, Asiyatu anandiimbira foni. "Bambo, gulani cha dizilo chomwecho, mubwere tiyambepo."

Ndinamuseka. Dizilo wodula uja, wosowasowa uja? Cha magetsi ndiye chinali ndi phindu. Ndinamuuza kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndinagula cha magetsi n'kuchitumiza ndi a transipota, iye n'kuchimangira nyumba pamalo a amayi ake.

Mapolo aja anaima, koma opanda waya. Mvula inabwera n'kupita kangapo, ena chiswe chinawagwetsa. Mapepala anga anali atatha, ndipo ndinkadziwa kuti ndikapita kumudzi sindidzalowanso ku Joni. Ndiye ndinkati ndipirire pang'ono, ndiwonjezere za mpamba. Asiyatu akati watopa, ndinkayesa madandaulo wamba. Ngakhale ankhoswe ataimba kuti mkazi akufuna banja lithe, ndinati tidzakambirana ndikabwera. Ndinkati n'zongondiopseza.

Chaka chatha ndinamva kuti magetsi ayaka. Sabata yomweyo ndinakwera basi.

Ndisanatsike n'komwe pa kabaza, ndinamva chigayo chikulira. Misozi inalengeza, ya chimwemwe. Azimayi anali pamzere ndi matumba awo, ndendende mmene ndinkalotera. Pakhomo panatuluka bambo wina woyera ndi ufa, n'kundifunsa mwaulemu ngati ndabwera kudzagayitsa. Kumbuyo kwake kunali Asiyatu, khanda kumsana.

Tinakhala pakhonde. Za chigayo Asiyatu sanakangane nane. Anati ndi changa, ndikafuna ndichizule ndipite nacho kwathu, poti malowo ndi a kwawo. Kwathuko mapolo sanafike n'komwe.

Ndinamufunsa kuti bwanji sanadikire pang'ono pokha, si awa magetsi abwera. Anayang'ana pansi, mawu ake osakwiya n'komwe.

"Munawerengera bwino, bambo, phindu lilipodi. Koma chigayo chinakudikirani chifukwa n'chitsulo. Ine si chitsulo."